Shoko ya kumbuyo yatsala ndi mpweya nditasintha oyilo: ndalakwitsa pati?

Wokwera250 analemba kuti:

Akuluakulu, ndikupempha nzeru kwa inu amene mwakhala mukutsegula mashoko a njinga zamoto zoyenda m'tchire. Njinga yanga ndi ya 250 cc, ndipo shoko yake ya kumbuyo ndi ya mtundu uja wokhala ndi kabotolo kapambali, momwe muli thumba la rabala losunga nayitirojeni lotchedwa bladder. Ndinaigula kwa munthu wina amene anali ataiyendetsa kale, ndipo chifikireni m'manja mwanga ndaiyendetsa maola pafupifupi 70 osakhudza shoko. Miyezi yapitayi ndinayamba kuona kuti ndikayenda mphindi 20 pa njira ya mabampu otsatizana, kumbuyo kumayamba kudumphadumpha ngati kulibe chogwira, ndipo tayala limasiya nthaka pa nthawi imene ndikufuna kuti ligwire. Ndikaima n'kudikira kuti shoko izizire, zinthu zimakhalako bwino kwa kanthawi. Pa shafiti, kandodo kachitsulo kamene kamalowa ndi kutuluka m'thupi la shoko, panayambanso kuoneka kamzere ka oyilo komwe kankamata fumbi.

Sabata yatha ndinaitsegula ndekha. Ndinalemba kaye nambala ya makiliki a compression ndi rebound (zosinthira kulimba kwa shoko polowa ndi pobwerera), ndinayeza kutalika kwa sipuling'i isanachoke, kenako ndinatulutsa nayitirojeni yense n'kuchotsa bladder ndi seal head, chotsekera pakamwa pa thupi la shoko chimene shafiti imadutsamo. Oyilo amene anatuluka anali wotuwa ngati phulusa, wathovu, ndiponso wonunkha kupsa. Ndinatsuka zonse, ndinaika seal head yatsopano, ndinathira oyilo watsopano wa shoko, ndipo ndinapopa pisitoni m'mwamba ndi pansi mpaka tithovu titasiya kuoneka. Bladder ndinaibwezeretsa yopanda mpweya m'kati mwake, ndipo sindinaipope kufikira pamapeto, pamene ndinakaikitsa nayitirojeni wa pulesha ya 10 bar monga buku la njingayi likunenera.

Vuto langa ndi ili. Ndikakankha shafiti ndi manja, sipuling'i isanaikidwe, sentimita yoyamba imangolowa popanda kulimba kulikonse, kenako m'pamene imayamba kugwira, ndipo pamalo pomwepo pamamveka kaphokoso konga ka madzi olowa m'botolo. Ndikaisiya, shafiti imabwerera yokha mpaka kumapeto, zomwe poyamba zinandichititsa kuganiza kuti ntchito yayenda bwino, koma mtima wanga sukukhazikika ndipo sindikufuna kuibweza panjinga ili chonchi.

Ndikufunsa kuti mpweyawu watsalira pati, popeza ndinapopa mpaka thovu litatha. Ndikufunsanso ngati munthu angathe kuuchotsa wonse ndi manja, kapena n'kofunika makina aja okoka mpweya. Pomaliza, kodi n'kololedwa kugwiritsa ntchito mpweya wamba wa pampu m'malo mwa nayitirojeni, makamaka pa nthawi yoyesa, kuti ndisamapite kukadzazitsa nthawi iliyonse imene ndatsegula?

MakanikaWakale analemba kuti:

Achimwene, mwachita bwino kusaibweza panjinga, ndipo mwafotokoza momveka moti n'kosavuta kuona pamene panalakwika. Mpweya ulimo ndithu. Oyilo safinyika, koma mpweya umafinyika, choncho sentimita imene ikulowa mwaulereyo ndi mpweya umene ukupanikizika oyilo asanayambe kudutsa m'mabowo a pisitoni ndi kupinda mashimu, tizitsulo topyapyala tija totseka mabowowo. Dziwaninso kuti pa 10 bar thovu la mpweya limachepa kuposa kakhumi poyerekeza ndi kukula kwake kunja kuno, ndiye ngati mukulimvabe ndi manja pa pulesha imeneyo, mpweya umene munatsekera m'katimo si wochepa.

Kubwerera kwa shafiti kusakunyengeni. Shafiti ya mamilimita 16, yomwe ndi yofala pa mashoko amenewa, ikakhala pa 10 bar imakankhidwa ndi mphamvu yofanana ndi kulemera kwa makilogalamu pafupifupi 20. Mphamvu imeneyo imabweza shafiti kaya oyilo ali ndi mpweya kaya alibe, moti chimene mwatsimikiza n'chakuti nayitirojeni alimo basi.

Kuti mumvetse chifukwa chimene bladder yopanda mpweya inakuvutitsirani, ganizirani ntchito ya kabotolo kapambali. Shafiti ikamalowa m'thupi la shoko imatenga malo a oyilo, ndipo oyilo ameneyo ayenera kupeza kopita. Shafiti ya mamilimita 16 ikalowa masentimita 13 imasuntha oyilo wokwana mamililita pafupifupi 26, amene amadutsa pa compression adjuster, chosinthira makiliki a compression chija, n'kulowa m'kabotolo, kumene amafinya bladder. Ntchito yachiwiri ya nayitirojeni ndi kupanikiza oyilo yense nthawi zonse, chifukwa pisitoni ikathamanga, pulesha ya kumbuyo kwake imatsika kwambiri, ndipo popanda kupanikizidwa oyilo amang'ambika n'kupanga thovu. Thovu limenelo ndi limene linkakudumphitsani shoko ikatentha, popeza nayitirojeni amadutsa pang'onopang'ono m'rabala ya bladder pakapita nthawi, ndipo pulesha yanu iyenera kuti inali itatsika kalekale.

Mpweya umabisala malo atatu. Umakhala m'kanjira kolumikiza thupi ndi kabotolo, pozungulira compression adjuster. Umakhala pansi pa mashimu ndi m'kati mwa shafiti, momwe muli kanjira ka rebound. Ndipo umatsekeredwa pansi pa seal head pa nthawi yotseka. Kupopa pisitoni pang'onopang'ono, monga ndikuganiza kuti munachitira, sikufika pa malo awiri oyambawo, chifukwa oyilo amangodutsa m'kanjira ka rebound mashimu osatseguka n'komwe. Tithovu timasiya kuoneka pamwamba, koma mpweya uli phee pansi.

Mubwereze motere. Tulutsani nayitirojeni yense, mutsegule makiliki onse mpaka kumapeto, ndipo mumange shoko pavayisi mozondoka, pakamwa pa thupi ndi pa kabotolo poloza m'mwamba, mutaika aluminiyamu kapena matabwa pa mano a vayisi. Yambani kuthira oyilo m'kabotolo, osati m'thupi, ndipo mudikire kufikira mutamuona akutulukira m'thupi kudzera m'kanjira kaja. Onjezerani m'kabotolomo kuti pamene mukulowetsa bladder oyilo asefukire m'mbali monse, chifukwa kusefukirako ndi umboni wakuti pakati pa rabala ndi khoma sipanatsale mpweya. Ikani circlip yake, kamphete kachitsulo kogwira chivindikiro cha bladder, muone ndi maso kuti yakhala m'kangalande kake pozungulira ponse, kenako mupope bladder kufika 2 kapena 3 bar. Mukayang'ana m'thupi pa nthawi imeneyo mudzaona thovu likutumphuka kuchokera pansi, ndipo umenewo ndi mpweya umene inu munausiya m'kanjira. Pulesha imeneyi muisiye momwemo.

Dzazani thupi mpaka pafupi ndi pakamwa, mudikire mphindi zingapo kuti tithovu tikwere, ndipo mulowetse pisitoni mofatsa. Apa pamafunika kuleza mtima. Pokankhira pansi muzikankha mwamphamvu ndi mofulumira kuti mashimu a compression atseguke, ndipo nthawi zina mumenye kumapeto kwa shafiti ndi hamala ya pulasitiki, popeza kumenyako kumatsegula mashimu kuposa mmene manja angathere. Pokokera m'mwamba muzikoka pang'onopang'ono kwambiri, chifukwa mukafulumira mupanga nokha thovu pansi pa pisitoni. Pamwamba pa pisitoni, m'mbali mwa shafiti, pali timabowo ta rebound, ndipo timeneti tiyenera kukhala tomira mu oyilo nthawi yonse. Tikangotuluka kamodzi, timayamwa mpweya ndipo ntchito imayambiranso. Ine ndimakhala ndi botolo la oyilo m'dzanja lamanzere ndipo ndimaonjezera pafupifupi ulendo uliwonse umene ndakoka. Ngati oyilo wayera chifukwa cha tithovu ting'onoting'ono, siyani shoko ipume kwa theka la ola, musalimbane nayo.

Thovu likatha, kokerani shafiti m'mwamba mpaka pamene timabowo tija tatsala pang'ono kutuluka, mudzaze oyilo mpaka pakamwa, ndipo mutsitse seal head kuti oyilo asefukire. Idzalowa mpaka O-ring yake, kamphete ka rabala, itagwira khoma, kenako idzakana kupitirira. Pamenepo, dzanja limodzi likukankhabe seal head, tsegulani valavu ya bladder. Pulesha ikamatuluka, seal head idzatsika yokha pansi pa dzanja lanu mpaka kangalande ka circlip kataonekera, chifukwa oyilo amene ikukankhayo akupita m'kabotolo kumene bladder yofufuma ija ikumupatsa malo. Ubwino wake ndi wakuti bladder imabwerera pafupi ndi maonekedwe ake enieni. Inu munakankha seal head bladder ili kale yophwa, ndiye oyilo anaikwinya, ndipo malo a nayitirojeni anachepa musanayambe n'komwe. Ndikukhulupirira kuti mukaichotsa mudzaipeza yopindika mbali imodzi.

Pa funso lanu lachiwiri, makina okoka mpweya amagwira ntchito yabwino ndipo amachotsa ngakhale mpweya wosungunuka mu oyilo, koma shoko ya bladder imatheka ndi manja popanda vuto, bola munthu asafulumire.

Enduro_Mayi analemba kuti:

Ndikugwirizana ndi zambiri zimene a MakanikaWakale afotokoza, ndipo njira yawo ndaigwiritsa ntchito kangapo. Komabe, bambo, mundilole ndisiyane nanu pang'ono pa mfundo yotsekera. Kukankha seal head ndi dzanja limodzi kwinaku lina likutsegula valavu kumafuna munthu wozolowera, ndipo amene akuchita koyamba nthawi zambiri amapendeketsa seal head kapena kuibweza m'mwamba pang'ono, n'kuyamwitsa mpweya pa mphindi yomaliza. Ine ndimakonda kumalizira pa bowo la compression adjuster, ngati shoko ili ya mtundu woti adjuster imamasuka.

Ndikatseka seal head ndi bladder, zonse zili zopanda pulesha, ndimatembenuza shoko pavayisi kuti adjuster ikhale pamalo okwera kuposa ena onse, ndimaimasula, ndipo ndimathira oyilo pabowopo. Kenako ndimayendetsa shafiti pang'onopang'ono ndikupendeketsa shoko uku ndi uku, ndikugogoda thupi ndi chigwiriro cha sikuludilaiva kuti tithovu tomatirira kukhoma tikwere. Zimadabwitsa kuona kuti shoko imene munthu ankaiyesa yoyera imatulutsabe tithovu tiwiri kapena titatu pamenepa. Pomaliza ndimakoka shafiti yonse kunja, ndimaonetsetsa kuti valavu ya bladder ndi yotsegula kuti rabala ibwerere mmene inapangidwira, ndimadzaza bowo mpaka pakamwa, ndipo ndimamanga adjuster oyilo akusefukira m'mazinga. Chenjezo lake ndi limodzi, koma ndi lalikulu: adjuster isamasulidwe m'kati muli pulesha, chifukwa imatuluka ngati chipolopolo, oyilo akuitsatira.

Achimwene a Wokwera250, pali china chimene simunatchule, ndipo chikundidetsa nkhawa kuposa mpweyawo. Mwanena kuti oyilo anali wotuwa ngati phulusa. Mtundu umenewo umachokera ku aluminiyamu amene waperepeseka pakhoma la m'kati mwa thupi, komanso ku lamba wa Teflon wozungulira pisitoni. Musanathire oyilo wina, walitsani tochi m'thupimo ndi kuyendetsa chala pakati, pamene pisitoni imayenda kwambiri. Ngati utoto wolimba wa khoma watha n'kuonekera chitsulo chowala, oyilo watsopano adzada msanga ndipo adzazemba m'mbali mwa pisitoni shoko ikatentha. Lowetsaninso pisitoni m'thupi louma: iyenera kugwira pang'ono, isagwere yokha pansi. Pansi pa lamba wa pisitoni pamakhala O-ring yomukankhira kukhoma, ndipo ikaphwatalala ndi kutentha, lamba amaoneka wabwino ndi maso koma sakutseka. Shafiti nayonso muiyendetse chikhadabo kuyambira pamwamba mpaka pansi, chifukwa kabala kamodzi ka mwala kamadula seal yatsopano m'maola ochepa.

Popeza munasintha seal head, ndiye kuti munamasula nati ya kumapeto kwa shafiti. Pa mashoko ambiri a makampani a KYB ndi Showa nsonga ya shafiti imaphwanyidwa kufakitale kuti nati isamasuke, ndipo pa ena kuphwanyako kumagwiranso kachitsulo ka m'kati ka rebound, choncho pofuna kumasula natiyo amapala ndi tupa m'mphepete mokha, osati pakati. Nati ikabwerera imafuna mankhwala omata mazinga ndi kumangidwa pa mlingo wa m'buku, popeza chimene chinkaigwira chija chachoka. Ngati simunatero, ino ndi nthawi yake, shoko ikadali yotsegula. Muonenso kuti mashimu anabwerera mu ndondomeko yake, ndi kuti palibe imene inatsinidwa ndi nati, chifukwa shimu yosakhala bwino imasiya kampata, ndipo nayo imapereka kulowa kwaulere kofanana ndi kumene mukumvako.

Za oyilo, manambala aja a 2.5W, 3W ndi 5W si ofanana pakati pa makampani, moti 5W wa kampani ina angakhale wopepuka kuposa 3W wa inzake. Yerekezani nambala ya cSt pa 40°C, yosonyeza kulemera kwenikweni kwa oyilo, ndipo musankhe oyilo wopangidwira shoko ya kumbuyo, amene sasintha kwambiri kulemera kwake akatentha. Kwa ena amene akuwerenga ali ndi mashoko a kampani ya WP okhala ndi pisitoni yoyandama m'kabotolo m'malo mwa bladder, njira ya 2 kapena 3 bar ija si yanu mmene yalembedweramu, chifukwa kwa inu chofunika ndi kuika pisitoni yoyandamayo pa kuya kumene buku likunena, ndipo mashoko amenewo ndi amene makina okoka mpweya amawathandiza kwambiri.

Fundi_wa_Mashoko analemba kuti:

Anzanga awiriwa ayankha mokwanira za kuchotsa mpweya, ndiye ine ndingotenga funso lachitatu, lomwe latsala.

Mpweya umene timapuma uli ndi nayitirojeni 78 pa 100 alionse ndi okosijeni pafupifupi 21, choncho kusiyana kwake ndi nayitirojeni wa m'silinda si kwakukulu monga ena amanenera. Ukatentha, mpweya wouma umafufuma mofanana ndi nayitirojeni. Bladder imene mwaidzaza 10 bar pa 20°C imafika pafupifupi 13 bar shoko ikatentha mpaka 100°C, ndipo zimenezi zimachitika kaya mwaikamo uti. Vuto la mpweya wamba ndi chinyezi chimene umabwera nacho, makamaka wa kompuresa, chifukwa madzi akasanduka nthunzi amakweza pulesha mosadziwika bwino. Okosijeni nayenso amakalambitsa rabala yotentha, ndipo akadutsa m'bladder amaononga oyilo msanga. Choncho yankho langa ndi lakuti pa 2 kapena 3 bar ya nthawi yochotsa mpweya, komanso poyesa shoko pabenchi, pampu ya manja ndi yokwanira ndipo palibe chimene chimaonongeka. Kapampu kaja ka mashoko a njinga zakapalasa zamapiri kamafika 10 bar mosavuta. Mukakhutira kuti shafiti ikugwira kuyambira milimita yoyamba, tulutsani mpweyawo wonse ndipo mudzaze nayitirojeni kamodzi kokha.

Chimene sindikufuna kuti wina ayese ndi okosijeni wa silinda yowotcherera zitsulo. Okosijeni wopanikizidwa akakumana ndi oyilo amatha kuyaka ndi kuphulika popanda moto wochokera kunja, ndipo m'shoko muli zonse ziwiri pafupi ndi pafupi. Silinda ya nayitirojeni nayonso imafuna ulemu, chifukwa yodzaza imasunga mpaka 200 bar kapena kuposa, ndipo siyenera kulumikizidwa ku shoko popanda regulator, chida chochepetsa pulesha.

Podzaza, musathamangire ku 10 bar. Yambani ndi 2 bar, muime, ndipo muyang'ane ngati chivindikiro cha bladder chakwera mofanana mbali zonse n'kukhala pa circlip yake, komanso ngati seal head yakwera n'kutsamira pa circlip yake. Ngati chimodzi chapendekeka, tulutsani pulesha n'kuyambiranso. Valani magalasi oteteza maso, ndipo nkhope yanu isakhale moyang'anizana ndi chivindikiro. Shafiti ikhale yotuluka yonse pa nthawi yodzaza, popeza nambala ya m'buku amayezera pamenepo.

Chomaliza n'chokhudza geji. M'bladder mumalowa nayitirojeni wochepa kwambiri, moti mukaika geji ya matayala kuti muone ngati 10 bar ilimo, kampweya kamene kathawira m'gejimo kamatsitsa pulesha moonekeratu, ndipo mukayeza kawiri kapena katatu mudzaganiza kuti valavu ikudontha pamene mwaiphwetsa nokha. Ngati mukukayikira valavu, pakanipo madzi a sopo muone ngati pakutuluka thovu. Pulesha yeniyeni imadziwika pa nthawi yodzaza, ndi chida chimene chimatseka valavu musanachichotse.

Wokwera250 analembanso kuti:

Zikomo kwambiri nonse atatu chifukwa cha nthawi imene mwatenga. Ndabwera kudzafotokoza mmene zayendera, kuti wina amene angakumane ndi vuto lomweli apindule.

Nditachotsa bladder ndinaipeza monga munanenera, bambo MakanikaWakale: mbali imodzi inali yolowa m'kati ngati yapondedwa ndi chala chachikulu, ndipo pamzere wopindikawo rabala inali itayamba kuyera. Ndinaisintha. Nditaika yatsopano n'kuipopa 3 bar, m'thupi munatuluka thovu limodzi lalikulu ngati nsonga ya chala, kenako tating'ono tambiri totsatira, ndipo ndinazindikira kuti ulendo woyamba mpweya umenewu sindinaukhudze n'komwe. Ndinaonanso kuti pokoka shafiti timabowo ta rebound timatuluka mu oyilo msanga kuposa mmene ndinkaganizira, ndipo sindikukayika kuti poyamba paja tinkayamwa mpweya ine osaona. Ulendo uno ntchito yochotsa mpweya yokha inanditengera pafupifupi ola limodzi, kuphatikizapo nthawi yodikira kuti oyilo ayere.

Mayi, mawu anu okhudza pisitoni anali oona. M'thupi louma inkatsika yokha popanda kugwira, ndipo nditachotsa lamba ndinapeza O-ring ya pansi itaphwatalala ndi kuuma, moti inathyoka ndikuichotsa. Khoma la m'kati likadali ndi utoto wake, kupatula kamalo kowala pang'ono pakati komwe chala sichikumva kusiyana kulikonse. Nati ya shafiti ndinali nditaimanga yopanda mankhwala omata mazinga, ndipo ndakonza zimenezo. Ndinatseka ndi njira ya a MakanikaWakale, kenako ndinamalizira pa bowo la adjuster monga munalangizira, ndipo panatulukadi tithovu tiwiri.

Tsopano shafiti ikugwira kuyambira poyambirira, kaphokoso kaja katha, ndipo ndikatseka rebound imabwerera pang'onopang'ono, pamene ndikatsegula imabwerera mofulumira, kusiyana kumene poyamba sikunkamveka. Ndadzazitsa nayitirojeni ndipo ndabwezeretsa sipuling'i pa kutalika kwake kwakale. Funso limene latsala ndi lakuti kodi ndibwezere makiliki pa nambala zomwe ndinalemba zija, nanga ndidikire maola angati ndisanaitsegulenso?

MakanikaWakale anayankhanso kuti:

Nambala zakalezo musazikhulupirire kwambiri, achimwene, chifukwa munazipeza pa shoko imene inali ndi oyilo wotha, pisitoni yozembetsa ndi pulesha yochepa, ndipo n'kutheka kuti inuyo kapena mwini wake woyamba munkatseka makiliki pofuna kubisa kufooka kwake. Mukazibwezera pa shoko yamoyo, kumbuyo kudzauma ndipo kudzachedwa kubwerera pa mabampu otsatizana. Yambirani pa nambala za m'buku, powerenga kuchokera potseka penipeni, ndipo potseka musamange mwamphamvu chifukwa nsonga ya singano ya m'kati imaonongeka. Mukatero muzisintha makiliki awiri pa nthawi imodzi, pa njira imodzimodzi imene mukuidziwa bwino.

Kutalika kwa sipuling'i nakonso muyezenso ndi njinga ili pansi. Pa njinga zambiri zazikulu zokhala ndi linkage (tizitsulo tolumikiza shoko ndi mkono wogwira tayala lakumbuyo), kumbuyo kumayenera kutsika mamilimita 100 mpaka 105 inu mutakwera ndi zovala zanu zonse zokwerera, ndipo njinga payokha itsike mamilimita 30 mpaka 40. Ngati nambala yoyamba yakwana koma yachiwiri ili kutali, sipuling'i si ya kulemera kwanu. Shoko isanabwerere panjinga, gwedezani swingarm, mkono wogwira tayala uja, m'mwamba ndi pansi ndi manja: iyenera kuyenda mosalala popanda kugwejemuka. Mabeling'i a linkage, makamaka ija ya pansi pa shoko yomwe imakumana ndi madzi ndi matope, ikauma imabisa ntchito yonse imene mwagwirayi, choncho itsukeni ndi kuipaka girizi wosalowa madzi.

Za nthawi, tsatirani maola a m'buku lanu, koma amene amathamangitsa njinga kwambiri amasintha oyilo pakati pa maola 20 ndi 40, pamene woyenda mofatsa angapitirireko. Popeza mwaona kamalo kowala pakhoma, ine ndikanaitsegula pa maola 20 ulendo uno, n'kuthira oyilo m'kapu yoyera kuti ndione mtundu wake. Akatuluka woyera, mukhoza kutalikitsa nthawi ulendo wotsatira, koma akatulukanso wotuwa ndiye kuti khoma likuperepeseka, ndipo thupilo lidzafunika kukutidwanso utoto wolimba kapena kusinthidwa.